Maseting'i a kamera pojambula thambo usiku kudzera pa telesikopu, kwa amene mukuyamba kumene

Munthu akangomangirira kamera ku telesikopu koyamba, funso limene amathamangira ndi lakuti ISO, nambala ya mmene kamera imakulitsira kuwala kumene yalandira, ndiike ingati. Funso labwino ndithu, koma si limene limapha zithunzi za oyamba. Zanga zoyamba zinaonongeka ISO ili bwinobwino, vuto linali lakuti fokasi inaphonya pang'ono chabe komanso ndimadina batani ndi chala, telesikopu yonse n'kumanjenjemera ngati bango pamadzi. Ndinabwerera m'nyumba ndi zithunzi zoposa 60 za mwezi wooneka ngati uli mu nkhungu, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa ndi maso pa ayipisi, kagalasi kosuzumirapo, unkaoneka bwino zedi. Ndiye tiyeni tiziyenda nazo mmene zimayendera usiku weniweni, chimodzichimodzi.

Choyamba mvetsani kuti telesikopu ndiyo lenzi yanu tsopano. Mumachotsa lenzi ya kamera, mumaikapo kamphete kotchedwa T-ring kogwirizana ndi mtundu wa kamera yanu, kaya Canon kaya Nikon kaya Sony, kenako kachubu ka T-adapter kamene kamalowa pamene pamalowa ayipisi, nthawi zambiri ka mainchi 1.25. Zikatero apecha, kukula kwa bowo lolowera kuwala, simungasinthenso pa kamera, yakhazikika kale pa telesikopu. Kamera ya Canon idzakuonetsani F00, ya Nikon idzaonetsa F ndi timizere, musadandaule sikuti yafa ayi. Nambala ya f muipeza nokha, tengani focal length, mtunda wochokera pa galasi kapena kalilole kufika pamene kuwala kumakumana, mugawe ndi kukula kwa galasi la kutsogolo kapena kalilole. Telesikopu ya 1000mm yokhala ndi kalilole wa 200mm ndi f/5, ya 900mm yokhala ndi galasi la 90mm ndi f/10. Isungeni nambala imeneyi m'mutu chifukwa f/5 imafuna nthawi yochepa kanayi kuposa f/10 pa chinthu chomwecho. Zotsala m'manja mwanu ndi ziwiri basi, shata, imene ndi nthawi yomwe kamera imakhala yotseguka ikulandira kuwala, ndi ISO.

Makamera ambiri opanda kalilole mkati, a mirrorless aja, amakana kujambula akaona kuti palibe lenzi. Lowani mu menyu mufufuze pamene palembedwa Release shutter without lens kapena mawu ofanana nawo, muyatse. Chitani zimenezi masana kunyumba, osati mumdima manja atazizira.

Ndipo poti ndatchula masana, chonde chonde musalozetse telesikopu ku dzuwa, ngakhale kwa sekondi imodzi, pokhapokha ngati kutsogolo kwake kuli fyuluta yeniyeni yopangidwira dzuwa. Diso limapsa ndipo silibwereranso, sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, nayo imapsa. Ngati mukuyeserera masana lozetsani pa mtengo kapena denga lakutali, dzuwa lili kumsana kwanu.

Chachiwiri, konzani kamera musanatuluke. Gudumu likhale pa M, manyuwo, pamene zonse mumasintha nokha. Zithunzi zikhale RAW, osati JPEG yokha, chifukwa JPEG imataya kuwala kofooka kumene ndi komwe mukukusaka. White balance ikani pa Daylight musiye pomwepo, Auto imasinthasintha mtundu chithunzi chilichonse ndipo pa nthawi yophatikiza zithunzi pa kompyuta mudzavutika. Auto ISO zimitsani. Flash zimitsani. Image stabilization ya m'kati mwa kamera zimitsani. Long Exposure NR ndi High ISO NR nazonso zimitsani, ya Long Exposure ija imati mukajambula masekondi 30 kamera imakhalanso masekondi ena 30 ikujambula mdima, ndiye theka la usiku wanu lapita, pamene ntchito yomweyo mutha kuichita bwino nokha pamapeto, ndifotokoza. Kuwala kwa sikirini chepetsani kwambiri, sikirini yowala imanamiza, chithunzi chimaoneka chowala mumdima koma m'mawa pa kompyuta n'chakuda bii. Batire yodzaza, ina yapadera m'thumba pafupi ndi thupi chifukwa kuzizira kumadya batire.

Telesikopu itulutseni msanga, mphindi 30 mpaka ola limodzi musanayambe, kuti izizire mofanana ndi mpweya wa panja. Ikakhala yofunda mpweya umayendayenda m'chubumo ndipo nyenyezi zimaoneka ngati zikuwira. Maso anunso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndiye tochi ikhale yofiira.

Chachitatu ndi fokasi, ndipo apa ndikhalitsa chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Autofocus iwalani, palibe. Mumazunguza kachitsulo ka fokasi ka pa telesikopu ndi dzanja. Lozetsani pa nyenyezi yowala kwambiri, Sirius ngati ikuoneka, kapena Canopus, Vega, iliyonse yowala imene ili m'mwamba ndithu osati pafupi ndi mapiri. Yatsani live view kuti muziona pa sikirini ya kamera, kwezani ISO kwakanthawi kufika 3200 kapena 6400 kuti muione. Poyamba mwina simuona kanthu, kapena muona chibulungu chachikulu chotuwa, pa telesikopu za kalilole chimakhala ndi bowo lakuda pakati, imeneyo ndi nyenyeziyo ili kutali ndi fokasi. Zunguzani mpaka ichepe. Kenako dinani batani la zumu ya pa sikirini kufika 5x kenako 10x, mupitirize pang'onopang'ono, mukazunguza chotsani dzanja mudikire kunjenjemera kuthe ndiye muone. Pitirirani dala mpaka iyambenso kukula, mubwerere, mupitirirenso, kawiri katatu, mpaka mudziwe penipeni pamene ili kadontho kakang'onong'ono. Chizindikiro china chabwino, fokasi ikakhala bwino tinyenyezi tofooka timene simumationa timatulukira mwadzidzidzi pa sikirini.

Pali kachipangizo kamene kamachotsa kukayika konseku, Bahtinov mask, kanapangidwa ndi Pavel Bahtinov wa ku Russia mu 2005. Ndi chivundikiro chokhala ndi timipata todulidwa mbali zitatu, mumaika kutsogolo kwa telesikopu ndiye nyenyezi imatulutsa mizere itatu, iwiri yopingasana ngati X ndi umodzi wodutsa. Mzere wodutsawo ukakhala pakati penipeni pa X, fokasi yakwana. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene woyamba angawonjezere pa zida zake, kameneka ndi kamene kamasintha zinthu kwambiri. Mukamaliza mangani kasikuluwu kotsekera fokasi ngati kalipo, chotsani mask, ndipo muzibwereranso kukaona pakatha ola lililonse chifukwa kukamazizira chubu chimafupika pang'ono ndipo fokasi imasuntha yokha.

Mwina muzunguza mpaka kumapeto koma nyenyezi osafika pa kadontho. Zimachitika kwambiri pa telesikopu za kalilole zotchedwa Newtonian zopangidwira kuonera ndi maso, sensa ya kamera imakhala kutali kwambiri ndiye fokasa, kachubu kosunthira fokasi, singalowe mkati mokwanira. Si inu mwalakwitsa. Njira yapafupi ndi kuikapo Barlow ya 2x, kagalasi kokhala pakati pa fokasa ndi kamera, imakankhira fokasi kunja. Koma dziwani kuti imawirikiza focal length, f/5 yanu ija yasanduka f/10, kuwala kwachepa kanayi. Pa mwezi ndi mapulaneti zilibe vuto, n'zabwinonso, koma pa zinthu zofooka ndi mtolo.

Chachinayi, musakhudze kamera pojambula. Pa 1000mm kugwedeza kochepa kwambiri kumakula ngati chivomezi. Ikani taima ya masekondi 2, koma ngati miyendo ya telesikopu ili yopepuka ikani 10. Rimoti ya chingwe kapena apu ya pa foni ndi bwino koposa. Pa DSLR kalilole wa mkati akamadumpha amagwedezanso, ndiye yatsani mirror lock-up kapena jambulani muli mu live view, ndipo ngati kamera ili ndi electronic shutter kapena electronic first curtain gwiritsani ntchito imeneyo. Lamba wa kamera mchotseni kapena mmangeni asamaombedwe ndi mphepo.

Tsopano mwezi. Yambirani pa mwezi, ndikubwereza, yambirani pa mwezi. Ndi wowala, ndi waukulu, supezeka movuta ndipo sufuna mount, chimene chimanyamula telesikopu, yotsatira nyenyezi. Anthu amaganiza kuti poti ndi usiku ndiye shata ikhale yaitali, ayi, mwezi ndi mwala umene ukuwombedwa ndi dzuwa, uli ngati masana. Pali lamulo lakale la ojambula lotchedwa Looney 11, limati pa mwezi wathunthu pa f/11 shata ikhale 1 pa nambala ya ISO. Ndiye pa f/10 ISO 100 yambani ndi 1/125, pa f/5 yambani ndi 1/500. Mwezi wa theka umafuna kuwala kowonjezera, mwina 1/60 pa f/10, ndipo kamwezi kongokhala kumene kamafuna 1/30 kapena kutsikirapo. Koma ine sindikonda kutsika pansi pa 1/125 chifukwa mpweya umavinitsa chithunzi, bola kukweza ISO kufika 400 kapena 800 shata ikhalebe yachangu. Manambalawa ndi poyambira chabe, jambulani chimodzi, onani, sinthani. Yatsani histogram, kagirafu koonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja, muonetsetse kuti phiri lake silikugunda khoma la kumanja, likagunda ndiye malo owalawo apsa ndipo simungawabwezenso. Bola chithunzi chikhale chakuda pang'ono.

Usiku wa mwezi wathunthu si usiku wabwino kwambiri, zimadabwitsa anthu koma ndi choncho. Dzuwa limakhala likuwomba molunjika ndiye palibe mithunzi, zonse zimangokhala mbee. Pitani pamene uli theka kapena kupitirira pang'ono, yang'anani pa malire a kuwala ndi mdima, pamenepo ndi pamene mapiri ndi zigwa zimadzuka, Copernicus, Tycho, Clavius, mapiri a Apenninus, mithunzi yake yaitaliitali. Kukula kwake pa sensa mutha kuwerengeratu, focal length kugawa ndi 110, ndiye pa 1000mm mwezi ndi pafupifupi mamilimita 9, ukwana bwinobwino pa sensa ya APS-C imene mbali yake yaifupi ndi mamilimita 15 kapena kupitirira pang'ono. Pa 2000mm sukwananso, mujambula zidutswa. Muonanso kuti mwezi ukuthawa pa sikirini, pa mphindi ziwiri zokha umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Ndiye uikeni chakumbali kumene ukuchokera, udziyenda wokha kubwera pakati inu mukujambula. Jambulani zambiri, 30, 50, chifukwa mpweya umadekha kamphindi kenako n'kusokonekera, pa zambirizo zina zimatuluka zakuthwa kuposa zinzake.

Kuthawa kumeneku ndi dziko lapansi likuzungulira, kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56, ndipo ndi kumene kumalamula shata yanu pa china chilichonse chimene si mwezi. Nyenyezi ya pakati pa thambo imayenda ma arcsecond 15 pa sekondi, arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri. Pa 1000mm ndi kamera ya mapikiselo a ma micron 4, pikiselo imodzi imaona pafupifupi arcsecond 0.8, ndiye pa sekondi imodzi yokha nyenyezi yadutsa mapikiselo 18. Lamulo la 500 limene mumamva lija, 500 kugawa ndi focal length, limakupatsani theka la sekondi pa 1000mm, pa APS-C mugawenso ndi 1.5 kapena 1.6, ndipo ngakhale pamenepo mukazuma muona timizere. N'chifukwa chake amene muli ndi Dobsonian, telesikopu yokankha ndi dzanja, kapena mount ina yopanda mota, musadzivutitse ndi ma nebula, mitambo ya mpweya ndi fumbi ya pakati pa nyenyezi, panopa, mwezi ndi mapulaneti ndi zanu ndipo n'zokwanira kukutanganitsani chaka chathunthu. Mlalang'amba ujambuleni ndi lenzi wamba yaifupi pa thirayipodi, osati pa telesikopu.

Mapulaneti ndi ang'ono kwambiri pa sensa, koyamba mudzakhumudwa pang'ono, Jupiter kamangokhala kadontho. Apa ndi pamene Barlow imagwira ntchito, kufika f/15 kapena f/20. Ndipo apa chithunzi chimodzichimodzi sichithandiza, jambulani vidiyo. Ikani vidiyo pa manyuwo, shata 1/60 mpaka 1/125, ISO yambani ndi 800 muzisintha mpaka mizere iwiri yoderako ya pa Jupiter ioneke, ikangokhala mpira woyera ndiye mwawalitsa kwambiri, chepetsani. Ngati kamera ili ndi movie crop kapena zumu ya vidiyo imene imadula pakati pa sensa, yatsani, imasunga tizinthu ting'onoting'ono. Vidiyo ya Jupiter isapitirire mphindi 2 kapena 3 chifukwa imazungulira mwachangu, maola osakwana 10 yamaliza, ndiye mukatalikitsa mizere imafufutika. Saturn ndi wofooka, amafuna ISO yokwererapo kapena 1/30. Nthanda, Venus uja, ndi wowala kwambiri ndiye shata yachangu, muona kuti nayenso amakhala theka kapena kachikwakwa ngati mwezi. Miyezi inayi ya Jupiter, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo anaiona mu 1610, imafuna shata yotalikirapo, mwina kota kapena theka la sekondi, pamenepo pulanetiyo ipsa ndithu, ndiye mujambule kawiri, china cha miyezi china cha pulaneti. Vidiyo ija mukaidutsitsa m'mapulogalamu atatu a pa kompyuta, mukailowetsa mu PIPP kuti pulaneti ikhale pakati, kenako AutoStakkert isankhe mafelemu abwino iwaphatikize, RegiStax inole. Dikirani pulaneti ikwere m'mwamba, ikakhala m'munsi mukuonera mu mpweya wochuluka ndipo palibe seting'i imene ingakonze zimenezo.

Amene mulibe kamera koma foni, njira ilipo. Ayipisi imakhala pomwepo, ya 25mm ndiyo yosavuta, foni mumaigwiritsa ndi kachogwirira pamwamba pake. Vuto lalikulu ndi kulunjikitsa kamera ya foni pakati pa ayipisi, mafoni a makamera atatu amakondanso kudumphira ku lenzi ina okha ndiye sikirini imada mwadzidzidzi. Lowani mu Pro mode, sankhani kamera yaikulu, ISO 50 kapena 100, shata 1/250 pa mwezi, fokasi ya foni itsekeni kutali kenako mumalizitse ndi fokasa ya telesikopu. Night mode zimitsani pa mwezi. Taima musaiwale.

Tifike kwa amene muli ndi equatorial mount ya mota, imene imazungulira mofanana ndi thambo. Musanaganize za ISO, mount ilunjike bwino ku msomali wa thambo, malo amene nyenyezi zonse zimaoneka zikuzungulira, kumpoto kwa ikweta amagwiritsa ntchito nyenyezi ya Polaris, kum'mwera kwa ikweta kuli Sigma Octantis imene ndi yofooka zedi ndiye ambiri amadalira apu kapena kuona mmene nyenyezi ikusunthira. Mukaphonya apa nyenyezi zikhala timizere ngakhale mota ikuyenda. Balansi nayo muione kamera ili pomwepo, osati musanaiike.

Yambani ndi ISO 800 kapena 1600, shata masekondi 15. Zumani chithunzicho mpaka kumapeto muone nyenyezi, ngati zili zozungulira pitani 30, ngati zili bwinobe pitani 45, 60. Kupitirira 30 muyenera kuika shata pa Bulb ndi kulumikiza intervalometer, rimoti yowerenga nthawi yokha. Pamene zayamba kutalika ngati mpunga bwererani kumbuyo sitepe imodzi, mukhale pamenepo. Bola zithunzi 100 za masekondi 20 za nyenyezi zozungulira kusiyana ndi 20 zazitali zokokeka. Mount ya alt-az, yoyenda chokwera ndi cham'mbali, yotsatira nyenyezi imatha ndithu, koma thambo limapotoloka mu felemu ndiye musapitirire masekondi 20 kapena 30. Onaninso histogram, phiri lichoke ku khoma la kumanzere likhale pa kota kapena gawo limodzi mwa atatu. Likafika pakati ndiye magetsi a m'tauni kapena mwezi zikudzaza chithunzi, fupikitsani shata kapena tsitsani ISO. Ndipo ISO 6400 sikuti imakokera kuwala kwina m'telesikopu ayi, imangokulitsa kumene kwalowa kale, nyenyezi zowala n'kutaya mitundu yake. Kuwala kwenikweni kumabwera ndi nthawi basi. Zinthu zofookazi muzijambula mwezi kulibe.

Choyamba kujambula chikhale Orion Nebula, M42, ili pa kamzere ka nyenyezi kotchedwa lupanga, chakum'mwera kwa nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la Orion, pafupifupi zaka za kuwala 1,300 kuchokera kuno. Ndi yowala moti pa masekondi 10 okha muona kale kufiira kwake pa sikirini, ndipo tsiku limene ndinaona zimenezo koyamba ndinangokhala chete kwa kanthawi, maso paokha pa ayipisi amangoona kotuwa. Pakati pake pamene pali nyenyezi zinayi za Trapezium pamapsa msanga, ndiye jambulaninso zina zazifupi za masekondi 3 kapena 5 zosungira pakatipo. Pleiades, M45, ndi yabwinonso koma ndi yotambalala, pa 1000mm siikwana yonse.

Chithunzi chimodzi chidzaoneka chamchengamchenga, musataye mtima, n'chifukwa chake timajambula zambiri n'kuphatikiza. Mukachulukitsa zithunzi kanayi, kuyera kwake kumawirikiza kawiri, ndiye kuchoka pa 10 kufika pa 40 kusintha kumaoneka kwambiri, kuti kuwirikizenso mufunika 160. Pakati pa chithunzi ndi chinzake siyani masekondi 2 kapena 3. Muzisuzumiranso galasi ndi tochi yofiira cham'mbali, mame akagwa nyenyezi zimayamba kufufuma ndipo mutha kuganiza kuti ndi fokasi. Musapukute ndi nsalu, chivundikiro chotalika kutsogolo kwa chubu kapena kalamba kotenthetsa ndizo zimathandiza.

Musanapakire pali tizithunzi tina timene ambiri amadumpha chifukwa cha tulo. Vundikirani telesikopu, pa DSLR mutsekenso kagalasi koonera kumbuyo, jambulani 15 kapena 20 pa ISO yomweyo, shata yomweyo, panja pomwepo kukadali kozizira chimodzimodzi. Amenewa ndi ma dark, amachotsa timadontho tofiira ndi tobiriwira ta sensa, ntchito ya Long Exposure NR ija. Kenako ma bias, chivundikiro chili pomwepo, shata yachangu kwambiri imene kamera ili nayo, 30 kapena kuposa, satenga ndi mphindi yomwe. Omaliza ndi ma flat, ndipo awa musasunthe fokasi kapena kuzunguza kamera ngakhale pang'ono. Kungani nsalu yoyera yopanda makwinya kutsogolo kwa chubu, muwalitse ndi sikirini yoyera ya tabuleti kapena mudikire kukayamba kucha, ISO yomweyo, sinthani shata mpaka phiri la histogram likhale chapakati, jambulani 20. Amachotsa kuda kwa m'makona ndi mithunzi ya fumbi ya pa sensa.

Zonsezi muziika m'mafoda osiyana usiku womwewo musanaiwale kuti ziti ndi ziti, lembaninso penapake ISO, shata, telesikopu, ndi mmene kunja kunalili, kuti ulendo wotsatira muyambire pamene munasiyira. M'mawa lowetsani mu pulogalamu yophatikizira zithunzi, DeepSkyStacker kapena Siril, onse ndi aulere, chotsani kaye zithunzi zimene mwadutsa ndege, mtambo kapena mphepo inagwedeza. Chotuluka chidzakhala chakuda ndithu ngati mulibe kanthu, ndi mmene chimayenera kukhalira, tsegulani levels kapena curves mukoke pang'onopang'ono, kangapo osati kamodzi, mukusamala kuti thambo lakumbuyo lisade bii koma likhale lotuwirako pang'ono, ndipo mapiko a nebula aja ayamba kutuluka m'mbali.